Mzere Wodukaduka

Chisomo ndi Tariro, ana anga, za ubwana wanga m'komboni munazimva kambirimbiri, sindizibwereza. Pano ndikufuna kulemba za ntchito imene munkandiona ndikugwira osaimvetsa, ija munkati, "Amayi ali pa chikompyuta chawo." Ndapuma tsopano ndipo maso ayamba kuchita nkhungu. Ndilembe msanga ndisanaiwale, komanso ukalamba usanandinyengerere kuti ndizinene mokometsera.

Chaka chimene ndinalowa ntchito

Ndinalembedwa pa mgodi wina wa golide kunja kwa Bindura ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, mu ofesi ya masaveya. Masaveya ndi anthu amene amalowa pansi kukayeza njira za mgodi. Ntchito yanga inali kutenga manambala awo n'kujambula mapu pa pepala lalikulu ndi cholembera cha inki. Mkulu wa ofesiyo anali VaChikore, Mshona wa ku Masembura, munthu wamtali wosakonda kukweza mawu. Tsiku loyamba anandiimika pa tebulo n'kuloza mapu akale ndi chala. "Estere, mizere yonseyi ndi yofunika, koma wodukadukawu usadzauiwale. Ukusonyeza njira zakale zimene anthu anazisiya, ndipo zambiri zinadzaza madzi. Munthu akakumba n'kuboola khoma lake, satuluka." Ndinajambula mizere imeneyo ndi dzanja zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka chala chapakati chinachita chikanga.

Makompyuta atafika, mabwana anakana kugula pulogalamu yojambulira mapu chifukwa inkafuna ndalama zakunja. VaChikore anayamba kulemba okha chinthu chimene anthu a makompyuta amachitcha laibulale. Si nyumba ya mabuku ayi. Ndi mtolo wa malangizo, amati khodi, umene mapulogalamu ena amauitana akafuna kujambula mzere, chilembo kapena kupaka mtundu pa sikirini ndi pa pepala. Anaitcha Mutsara, kutanthauza mzere m'Chishona, n'kuiika pa intaneti kuti aliyense aitenge ulere, aiwerenge, ngakhale kuisintha. Ndinawafunsa kuti akupereka bwanji chinthu chimene achivutikira chonchi. Anati, "Chikakhala cha anthu ambiri, maso ochiyang'ana amachulukanso. Wina akaona polakwika, adzakonza." Ndinawakhulupirira.

Ndinayamba ndi kuyesa zimene iwo alemba, kenako ndinabwereka buku lawo long'ambika chikuto n'kumaliwerenga nthawi ya nkhomaliro. Chinthu choyamba chimene ndinakonza ndekha chinali mzere wodukaduka womwewo. Ukafika pokhota unkasokonekera, kona n'kusowa. Ndinalimbana nawo masabata atatu. Tsiku limene unakhota bwino, VaChikore anawomba m'manja kawiri, zimene sindinawaonepo akuchitira munthu, ndipo analemba dzina langa pa mndandanda wa olemba khodiyo: E. Phiri.

2008

Chaka chimenechi mukuchikumbukira ndi mimba zanu, ndiye za m'mashopu sindinena. Ku ofesi kunalibe mapepala, tinkasindikiza mapu kuseri kwa mafomu akale a tchuthi. Inki ikatha tinkagwedeza katiriji ngati munthu wofuna madontho omaliza a mafuta ophikira. Jenereta ankaiyatsira mapampu a pansi okha, ife tinkadikira. Anthu ankachoka mmodzimmodzi osatsanzika, Lolemba n'kungopeza mpando wopanda munthu.

VaChikore anatsanzika. Anandiitana panja pansi pa mtengo wa jakaranda n'kundipatsa envulopu. M'katimo munali mawu achinsinsi otsegulira malo amene Mutsara inkasungidwa. "Amene ali ndi mawu awa ndiye amavomereza kapena kukana khodi imene anthu atumiza," anatero. "Ndikupita ku Australia. Ungoigwirizira miyezi ingapo, ndikakhazikika ndidzayambiranso." Ndinati, "Ine ndingathe, VaChikore? Ndilibe ngakhale pepala la sukulu ya zimenezi." Anati, "Unozvigona, ukutha kale." Miyezi ingapoyo inakhala zaka khumi ndi zitatu.

Zaka za ku sitolo

Bwana watsopano, a Dube, atafika anayang'ana mafayilo athu n'kundiitana ndi dzina la mwana, lako Chisomo. "Mai Chiso, mulibe satifiketi ya usaveya. Ofesi ino ndi ya anthu ophunzira. Koma sitikuchotsani, ku sitolo kukufunika munthu." Motero ndinachoka pa mapu n'kupita kukagawa majombo, zipewa zolimba ndi mabatire a nyali. Kompyuta ya ku sitolo inali yowerengera katundu basi, ndipo a Dube ananena poyera kuti akadzandipeza ndikuchitirapo zanga, ndidzapita kwathu.

Ndiye Mutsara inakhala ntchito ya Loweruka. Poyamba ndinkakwera kombi kupita m'tauni kumalo olipira intaneti. Pambuyo pake amayi busa anandilola kugwiritsa ntchito ofesi ya tchalitchi, poti kunali sola. Mwina mumaganiza kuti ndinkapanga zinthu zatsopano zokongola. Ayi. Kusamala laibulale kuli ngati kusamala msewu wafumbi: mvula iliyonse imabweretsa maenje ake. Makompyuta akasintha, khodi imene inkayenda dzulo imaima. Munthu amalemba kuti zilembo zake zikutuluka chadodolido, osanena makina amene akugwiritsa ntchito, ndipo iwe umatha Loweruka lonse kufunafuna vuto limene sukuliona. Wina amatumiza khodi yokonza chinthu chimodzi koma yothyola zitatu, ndipo uyenera kumukana mwaulemu kuti asakhumudwe. Maso ambiri aja ndinawadikira. Zimene zinachuluka ndi pakamwa.

Onse ankayamba makalata awo ndi "Bambo Phiri," ndipo ndinatopa kuwawongolera. Sabata imene tinaika bambo anu m'manda, munthu wina wa dziko lakutali analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti kampani yake yataya tsiku lonse chifukwa cha ine, ndipo masiku anayi apita osamuyankha. Ndinamuyankha ndili ndi duku lakuda kumutu, n'kumukonzera vuto lakelo. Sanalembenso, ngakhale liwu limodzi. Sindinama kuti onse anali otero. Mphunzitsi wina wa ku chilumba chimene sindinachimvepo ananditumizira chithunzi cha ana ake atanyamula mapu a mudzi wawo, ojambulidwa ndi Mutsara. Chithunzi chimenecho chinandiyendetsa chaka chathunthu.

Kenako mgodi wathu unagula pulogalamu yodula yochokera kunja. Anabwera anthu a masuti kuchokera ku Harare kudzaionetsa, ndipo ine ananditumiza kuti ndibweretse chingwe chamagetsi kuchokera ku sitolo. Nditalowa ndinayang'ana mapu amene ankaonetsa pakhoma, n'kuima chilili chingwe chili m'manja. Mzere wodukaduka unkakhota pakona momwe ndinauphunzitsira ine. Mwana wako umamudziwa ndi kayendedwe ngakhale atavala zovala za eni. Alendo atachoka ndinawauza a Dube. Anaseka mpaka kutsokomola. "Munalemba inu? Mai Chiso, musatiseketse. Ichi chachokera kunja." Ndinawatsegulira tsamba la timawu ting'onoting'ono pamene kampaniyo inalemba kuti m'kati mwa pulogalamu yawo muli Mutsara, dzina langa lili pomwepo. Anaweramira pa sikirini, n'kuwongoka. "A Phiri alipo ambiri," anatero. Sabata yotsatira anatumiza anthu anayi ku maphunziro a pulogalamuyo. Ine ndinawagawira majombo atsopano a pa ulendo.

Chaka chimene Tariro anakwatiwa

Kampani imene inapanga pulogalamu yodula ija inali ndi injiniya wotchedwa Martin. Sindinamuonepo nkhope, tinkangolemberana. Tsiku lina anatumiza khodi yaikulu yosintha kajambulidwe konse ka mizere. Kunena zoona inali ntchito yaluso, mapu ankatuluka mofulumira kwambiri. Koma ndinali ndi chizolowezi choyesa chilichonse ndi mapu akale a mgodi, ndikuwakulitsa ndi kuwachepetsa. Nditawachepetsa kuti akwane pa pepala laling'ono, mizere yodukaduka inazimiririka yonse. Chifukwa chake n'chosavuta. Chithunzi cha pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho. Kachidutswa ka mzere kakafupika kuposa kadontho kamodzi, khodi ya Martin inkakawerenga ngati palibe, n'kusiya poyera.

Ndinamulembera kuti sindingavomere mpaka akonze zimenezi. Anayankha kuti palibe munthu wanzeru amene amasindikiza mapu a mgodi aang'ono chonchi. Ndinati kuno timasindikiza pa pepala limene lapezeka. Anati kukonza kwake kuchedwetsa pulogalamu, ndipo makasitomala awo akudikira. Ndinakana kachiwiri, ndinakana kachitatu. Pa malo okambirana a pa intaneti anthu anayamba kulemba kuti wosamala laibulaleyi ndi wochedwa, amayankha Loweruka lokha, akutsekereza chitukuko.

Lachitatu lina masana foni inalira ndili ku sitolo. Anali VaChikore. Mawu awo ndinali nditatha zaka osawamva. Anafunsa za inu, anapepesa za maliro a bambo anu amene anali atapita kalekale, kenako anafika pa nkhani. Anali atakhala mlangizi wa kampaniyo. "Estere, ndakulankhulira. Akufuna kukulemba ntchito yosamala Mutsara, malipiro a mwezi ndi mwezi, laputopu yatsopano, uli kunyumba kwako. Chimene akupempha n'chakuti uvomereze khodi ya Martin mwezi uno. Za mizerezo mudzakonza pambuyo." Ndinati, "VaChikore, pambuyo pake ndi liti?" Anati, "Akatulutsa pulogalamu yawo." Ndinati, "Ndipo pakati apo, munthu akasindikiza mapu opanda njira za madzi? Si inu munandiphunzitsa?" Anati, "Zvakaoma, n'zovuta, ndikudziwa. Koma dziko silikuyendanso ngati ofesi yathu ija. Ukakana, atenga khodi yonse n'kuyamba yawo. Lamulo limene tinaikapo tokha likuwalola." Ndinapempha sabata imodzi.

Inali sabata yoipa. Tinali pa kalikiliki wa ukwati wako, Tariro, denga linkadontha, ndipo zaka zanga zopuma ntchito zinali pafupi. Ndinapita kwa malume anu a Yohane, mlongo wanga wamng'ono, amene anali atachotsedwa ntchito pa mgodi n'kuyamba chikorokoza, kukumba golide ndi anzake cha ku Kitsiyatota. Ndinamupeza akusoka thumba la miyala pakhonde. Atamva nkhani yonse anaika singano pansi. "Asisi, tengani ntchitoyo. Zaka zonsezi mwagwirira anthu ulere, lero akuti akulipireni mukufunsanso mafunso? Mzere sudyedwa." Ndinati ndikavomera, dzina langa lidzakhala pansi pa chinthu chimene ndikudziwa kuti n'cholakwika. Anati, "Dzina lanu akulidziwa ndani?"

Ndinakana. Ndinalemba kalata yaifupi, ndipo ndivomere kuti poitumiza ndinamva kukoma. Pasanathe mwezi a kampani aja anatenga khodi yonse, kuipatsa dzina lina lachizungu, n'kulengeza kuti iyi ndiyo yamakono, yosamalidwa ndi akatswiri. Anthu anasamukira kumeneko ngati nyerere zikamva shuga. Makalata amene ndinkadandaula nawo analeka kubwera. Loweruka lina ndinafika ku ofesi ya tchalitchi n'kupeza kuti palibe kalata ngakhale imodzi, ndipo ndinakhala pa mpandopo mpaka amayi busa anabwera kudzatseka. Pa mndandanda wawo wa olemba panali VaChikore, panali Martin, kenako mawu awiri: "ndi ena."

Apa ndilembe chimene sindinauzepo munthu. Kakonzedwe ka vuto lija ndinkakadziwa. Kanali kochepa: kachidutswa kakafupika kuposa kadontho, ujambulebe kadontho kamodzi. Atayamba laibulale yawo, khomo linali lotseguka kwa aliyense, ndikanatha kuwatumizira. Mwina akanakana, mwina ayi. Sindinatumize. Ndinkafuna kuti abwere okha, anene kuti mayi uja ankanena zoona. Ndinadikira zaka ziwiri.

Dzinja loyamba nditapuma ntchito

Pa mgodi ananditsanzika ndi bulangete ndi botolo la chakumwa cha malalanje. A Dube ananena m'mawu awo kuti sitolo sinasowepo jombo m'manja mwanga. Ndinabwerera kunyumba n'kuyamba kulima masamba kuseri.

M'mawa wina mvula itakhala ikugwa sabata yonse, mlamu wanga, mkazi wa Yohane, anaimba foni akulira, mawu osamveka. Ndinangomva kuti madzi, ndi Kitsiyatota. Ndinakwera kombi, n'kumaliza ulendo wapansi m'matope. Pa dzenje panali anthu ambiri, akazi atagwira m'mutu. Yohane anali atamukoka ndi chingwe mwendo utathyoka pawiri, ndipo anali atamutengera kale kuchipatala. Mnzake Fanuel amene ankakumba kutsogolo, bambo wa ana atatu, sanatuluke. Mtembo wake anaupeza patapita masiku anayi, atapopa madzi ndi pampu yobwereka.

Kuchipatala Yohane anandigwira dzanja. "Asisi, sitinakumbe mwachimbulimbuli. Tinagula mapu kwa saveya wa m'tauni. Mapu anati kutsogolo kulibe kanthu." Mlamu wanga anatulutsa pepalalo m'chikwama, lopindika panayi, laling'ono ngati kalata ya kusukulu. Ndinalitambasula pa bedi. Malowo ndinawadziwa, chifukwa mapu ake akale ndinawakopapo ndi dzanja langa ndili mtsikana. Pamene panayenera kudutsa mzere wodukaduka panali poyera.

Ndinapita kwa saveyayo tsiku lomwelo. Anali bambo waulemu wa imvi, ndipo anali atamva kale za ngoziyo. Ndinamupempha kuti atsegule mapuwo pa kompyuta yake. Inali pulogalamu ya kampani ija. Ndinati, "Kulitsani." Mzere unaoneka bwinobwino, ukudutsa pomwe Fanuel ankakumba. Ndinati, "Tsopano chepetsani ngati mukusindikiza pa pepala ili." Unasowa. Anabwereza katatu, kenako anavula magalasi n'kugwira kumaso. "Maiwe," anatero. "Amai, mwadziwa bwanji?" Ndinamufunsa kuti wagulitsa mapu otere angati, ndipo tinakhala masana onse tikuimbira foni anthu amene anawagula.

Sindikunena kuti mapu okha anapha Fanuel. Mvula inali yambiri, ndipo anthu aja analibe chobowolera choyezera khoma asanakumbe. Sindikunenanso kuti Martin anafuna imfa ya munthu, mwina dzenje la mgodi sanalionepo. Koma pa maliro, mkazi wa Fanuel atagwa pansi anthu n'kumudzutsa, mafunso awiri ankandiluma ndipo akundilumabe. Ndikanavomera ntchito ija, bwenzi ndili m'kati, mawu achinsinsi ali m'manja, n'kukonza vutolo mwezi wotsatira? Ndipo nditakana, n'chiyani chinandiletsa kutumiza kakhodi kanga, kupatula mtima wanga wotupa?

Tsiku lotsatira maliro ndinapita ku ofesi ya tchalitchi. Ndinali ndi njira ziwiri. Ndikanatha kulemba poyera, kuika chithunzi cha pepala lija ndi makalata anga atatu okana, dziko lonse lione amene analakwa. Kalata imeneyo ndinailemba ndithu, yaitali, yoyaka. Nditaiwerenga ndinaona kuti ikunena za ine kuposa za Fanuel, ndipo ikadzatsegula mkangano wa miyezi, mapu opanda mzere akusindikizidwabe. Ndinaifufuta. Ndinatenga laibulale yawo, kulembamo mizere isanu ndi iwiri ya khodi, kuiyesa ndi mapu akale, n'kulemba pamwamba mwachidule kuti munthu wamwalira. Kuti nditumize, malo awo a pa intaneti anafuna kuti ndilembetse dzina ngati munthu wina aliyense. Ndinalembetsa. Nthawi imeneyi ndinalemba dzina lonse, Estere Phiri.

Yankho linabwera isanathe mphindi. Silinachokere kwa Martin kapena kwa VaChikore. Linali la makina amene anawaika kuti aziyankha okha. Khodiyo anaivomereza pambuyo pa masabata awiri, n'kulemba pa mndandanda wa zosintha kuti akonza kavuto kakang'ono ka mizere. Koma tsiku limenelo ndinali ndi yankho la makinalo lokha, ndipo ndinapita nalo kuchipatala nthawi yoona odwala.

Yohane anali chigonere, mwendo uli m'chikhakha. Ndinali nditamuuza zonse dzulo lake, ndipo sanandidzudzule, zimene zinandipweteka kuposa kutukwana. Atandiona anafunsa, "Asisi, ayankha?"

"Ayankha."

"Akuti bwanji?"

Ndinatulutsa foni n'kumumasulira. "Akuti, takulandirani! Taona kuti aka ndi koyamba kutithandiza. Werengani malamulo athu a alendo, ndipo musaope kufunsa mukasowa poyambira." Kumapeto kwake anaikako kachithunzi ka manja akuwomba.

Yohane anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Agogo anu aamuna anachoka ku Dedza ali mnyamata, anakumba pansi pa Bindura mpaka mapapo anatha, ndipo anamwalira chitupa chawo chikunenabe kuti ndi mlendo. Ndikuganiza kuti tonse awiri tinkawakumbukira iwo. Kenako Yohane anatembenuka pa pilo n'kunena motsitsa mawu, "Ndiye mwawayankha chiyani?"

Ndinati, "Ndawathokoza."